ULUSI WA KUDZALA

Msika wa Mitundu ndi umodzi mwa misika ikuluikulu ya kummwera kwa boma la Lilongwe. Pa tsiku la msika anthu amalawirira m'mamawa kuchokera m'midzi yozungulira phiri la Bunda ndi ina ya kufupi ndi nkhalango ya Dzalanyama. Ena amabwera pansi atasenza akatundu pamutu, ena pa njinga, ndipo ena pa ngolo. Amadzagulitsa chimanga, mtedza, nyemba, mbatata, nkhuku ndi mbuzi, nagula mchere, sopo, usipa, mafuta ophikira ndi zovala.

Kale mayi akamapita kumsika sankaiwala dengu lake. Mchere ndi usipa ankazikulunga m'masamba a nthochi kapena m'nyuzipepala yakale, ndipo nyama ankaitunga kuluzi. Zokulungirazo zikatha ntchito ankazitaya kudzala, kumene chiswe ndi mvula zinkazisandutsa nthaka. Masiku ano zinthu zidasintha. Wogula tomato amamuikira m'jumbo. Wogula mandasi awiri okha nayenso amapatsidwa jumbo yake. Motero munthu mmodzi amatha kubwerera kwawo ndi majumbo asanu kapena asanu ndi imodzi, amene ntchito yake imathera pakhomo pomwepo.

Dzuwa likapendeka, anthu n'kumwazikana, pamsika pamatsala majumbo ali mbwee. M'miyezi ya chilimwe kamvuluvulu amawanyamula m'mwamba ndi kukawamwaza kutali. Ena amakodwa m'mitengo ya minga, ena amagwera m'minda, ndipo ena amakafika kudambo kumene ziweto zimadya ndi kumwa madzi.

Kodi jumbo idachokera kuti?

Jumbo si chinthu chakale ayi. Imapangidwa ndi mtundu wa pulasitiki umene akatswiri a sayansi a ku England adautulukira m'chaka cha 1933. Pulasitikiyu amachokera ku mafuta ndi mpweya zokumbidwa pansi pa nthaka, mafuta omwewo amene amatulutsa petulo ndi palafini. Jumbo ya zogwirira ziwiri, yonga imene imapezeka m'misika, adaikonza ndi katswiri wina wa ku Sweden dzina lake Sten Gustaf Thulin, ndipo kampani ya Celloplast idailembetsa m'chaka cha 1965. Kuchokera pamenepo jumbo idafalikira m'maiko onse chifukwa ndi yopepuka, yosadontha ndiponso yotsika mtengo.

Komatu ubwino wa jumbo ndi womwenso umaipangitsa kukhala yoopsa. Tsamba likagwa pansi, tizilombo ting'onoting'ono ta m'nthaka timalidya mpaka liwole, lisanduke manyowa. Tizilombo timeneti sitingathe kudya pulasitiki. Dzuwa likaiwomba jumbo kwa nthawi yaitali imangofumbutuka kukhala tizidutswa, koma tizidutswato timakhalabe m'nthaka ndi m'madzi kwa zaka zochuluka kuposa moyo wa munthu.

Mbuzi ya agogo

M'mudzi wina wa kufupi ndi Mitundu mudali mtsikana wa mu Sitandade 5 amene ankakhala ndi agogo ake aakazi pamodzi ndi mlongo wake wamng'ono. Makolo awo adapita kukagwira ntchito kutali, ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Chuma chonse cha pakhomopo chidali munda, nkhuku zingapo ndi mbuzi zitatu. Mwa mbuzi zitatuzo, imene agogo ankaidalira kwambiri idali mkota wa mawanga oyera ndi akuda.

Ngakhale kuti kuyambira m'chaka cha 1994 ana a m'Malawi salipira fizi ku sukulu za pulayimale za boma, mwana amafunikabe yunifolomu, makope ndi zolembera. Yunifolomu ya mtsikanayo idali itafupika, ndipo idali ndi zigamba pamapewa. Agogo adamulonjeza kuti mvula ikayandikira adzagulitsa mkota uja, ndalama zina agulire feteleza, zina asoketsere yunifolomu yatsopano.

Anthu akatha kukolola, mbuzi amazimasula kuti zizidzifunira zokha chakudya. Pofika mwezi wa Okutobala udzu umakhala utauma, kwina utapsa ndi moto wolusa, kotero kuti mbuzi zimayendayenda m'madzala ndi m'mbali mwa msewu. M'mwezi umenewo mkota uja udayamba kuonda. Nthiti zidayamba kuonekera, ubweya udanyankhalala, koma mimba yokha idali yotupa ndi yolimba. Mtsikanayo ankauthyolera masamba aawisi ndi kuupatsa madeya, koma unkangonunkhiza n'kutembenuka. Tsiku lina m'mawa, potsekula khola, adaupeza utafa.

Amalume ake adakaitana mlangizi wa ziweto poopa kuti mwina kwagwa mliri. Mlangiziyo adaitumbula mbuziyo anthu akuona. Atang'amba chifu, adatulutsamo chimpukutu chachikulu chakuda, cholukanalukana ngati mizu ya nsungwi. Atachitsuka ndi madzi, aliyense adaona kuti adali majumbo.

“Kodi wandilodzera mbuzi yanga ndani?” adafunsa agogo, manja ali kunkhongo.

“Palibe waiwanga mbuziyi, mayi,” adayankha mlangizi mwaulemu. “Jumbo imene mudali mchere, mafuta kapena makoko a mbatata imanunkhira chakudya, ndipo mbuzi yanjala imameza zonse pamodzi. Chifu cha mbuzi chili ndi zigawo zinayi. Udzu umayamba wafikira m'chigawo chachikulu, kumene umafewa, kenaka mbuzi imaubzikula ndi kuumezanso. Koma jumbo siifewa, ndipo siituluka. Ya lero imakapeza ya dzulo, zonse n'kupotana. Malo a chakudya amachepa, mbuzi imadzimva yokhuta pamene thupi lake likufa ndi njala.”

Zimene adanena mlangiziyo sizichitika ku Mitundu kokha. Kafukufuku wina amene adachitika ku Mponela, m'boma la Dowa, adapeza kuti mwa ziweto 100 zilizonse zophedwa, pafupifupi 40 zidali ndi pulasitiki m'mimba.

Madzulo a tsikulo mtsikanayo adazungulira kuseri kwa nyumba yawo. Padzala adawerengapo majumbo oposa 20, ndipo ambiri mwa iwo adawazindikira. Adali omwe aja ankabwera nawo iye mwini akatumidwa kumsika. Sadauze munthu, koma usiku umenewo tulo tidamuvuta.

Kwa azakhali ku Nathenje

Sukulu itatsekera m'mwezi wa Disembala, mtsikanayo adapita kukacheza kwa azakhali ake ku Nathenje. Adakwera minibasi mpaka pamphambano ya Bunda, pamene msewu wa ku Mitundu umakumana ndi msewu waukulu wa M1. Apo adakwera ina yolowera ku Dedza, natsika pa Nathenje. Mvula idali itayamba. M'mbali mwa msewu adaona ngalande zitatsekeka ndi majumbo, madzi atadikha, osayenda. M'madzi otere ndi m'mene udzudzu umaswana, ndipo udzudzu wina ndi umene umafalitsa malungo.

Azakhali akewo ankagulitsa ndiwo zamasamba pamsika, koma ankadziwikanso ndi luso loluka. Tsiku lotsatira, ntchito za pakhomo zitatha, adakhala pamkeka pakhonde natulutsa mpukutu wa ulusi wonyezimira, wabuluu ndi woyera. Zala zawo zinkayenda mofulumira, ndipo kachikwama kankakula m'manja mwawo.

“Azakhali, ulusi wokongola chotere mumagula kuti?” adafunsa mtsikanayo atagwada pambali pawo.

“Sindigula, mwana wa achimwene, ndimachita kutola,” adayankha akumwetulira. “Taugwira uone.”

Ataugwira adadzidzimuka. “Ha! Kodi si jumbo imeneyi?”

“Ndi yomweyo. Ulusi wa m'sitolo udakwera mtengo, ndiye ndidati manja angawa asangokhala. Ngati uli ndi mtima wofuna kuphunzira, mawa ulawire.”

Mtsikanayo adawafotokozera za mkota uja. Azakhali adakhala chete kanthawi, kenaka adati, “Pepa mwanawe. Yapitayo yapita, koma kukhola kwatsala ziwiri. Jumbo imene ili m'manja mwa woluka siingalowe m'mimba mwa mbuzi.”

Kakonzedwe ka ulusi

M'mawa mwake phunziro lidayamba ndi kusankha. Azakhali adamuchenjeza kuti si jumbo iliyonse yoyenera kutola. Ya kufupi ndi chimbudzi, ya kuchipatala, imene mudali nyama yaiwisi, ndiponso imene mudali mankhwala ophera tizilombo m'munda kapena m'nkhokwe, yonseyo njosayenera kuigwira. Majumbo abwino ndi amene mudali zinthu zouma, ndipo koposa onse ndi amene munthu wawasunga yekha m'nyumba asanafike kudzala.

Atasankha, adawachapa m'beseni ndi sopo, kunja ndi m'kati momwe, nawatsukuluza m'madzi oyera. Adawayanika pachingwe pamthunzi atawapana kuti angauluke. Sadawayanike padzuwa chifukwa dzuwa limafooketsa pulasitiki. Pomaliza onse awiri adasamba m'manja ndi sopo.

Majumbo atauma, azakhali adatenga imodzi naiyala pathebulo, naisalaza ndi chikhatho. Adaipinda m'litali kawiri mpaka idaoneka ngati lamba. Ndi sizasi adadula zogwirira zija ndi kunsi kwake, naziika padera. Chotsalacho adachidula mopingasa m'tizidutswa totambalala ngati zala ziwiri. Potambasula kachidutswa kalikonse, kankasanduka mkombero wonga wa lichero.

“Jumbo ikakhala yopyapyala kwambiri, uzidula motambalala kuti ulusi usamaduke,” adatero azakhali. “Ikakhala yochindikala, uzidula mochepa kuti isakulimbire poluka.”

Kulumikiza mikomberoyo sikudafune singano kapena ulimbo. Adapisa mkombero wachiwiri m'kati mwa woyamba, naubweza kuti udzipise wokha, kenaka nakoka pang'onopang'ono mpaka padapangika kamfundo kakang'ono. Wachitatu adaulumikiza ku wachiwiri chimodzimodzi, mpaka chingwe chidatalika kuchoka pakhonde kukafika pankhokwe. Chingwecho adachikulunga kukhala mpukutu, ndipo ulusi udali utapezeka.

Chidatsala ndi cholukira. Chimenechi ndi singano yaitali yokhala ndi kangowe kumapeto. Za m'sitolo zilipo, koma azakhali adatenga sipoko yakale ya njinga napita nayo kwa mmisiri wokonza njinga, amene adaidula ndi kuisula kangowe kunsonga. Mbali yogwira adaikulunga ndi kansalu kuti isamapweteke zala.

Kuluka kwenikweni kumayamba ndi kakhwekhwe kamodzi. Woluka amapisa singano m'kakhwekhweko, amakola ulusi ndi kangowe, naukokera m'kati, ndipo pamatuluka kakhwekhwe kena. Akabwereza kambirimbiri pamapangika kaunyolo. Kaunyoloko kakafika muyeso umene akufuna, amatembenuka nayamba kubwerera, akupisa singano m'diso lililonse la kaunyolo kaja. Mzere umakwera pamwamba pa mzere unzake monga momwe njerwa zimakwerera pakhoma.

Kunena n'kosavuta, koma kuchita kudali kwina. Tsiku loyamba mtsikanayo ankakoka mwamphamvu, ulusi n'kutanuka, n'kuduka. Tsiku lachiwiri ankalekerera, maso n'kukula ngati a ukonde. Chala chake chidatuluka thuza, ndipo kachikwama kake koyamba kadapindika ngati khutu la galu. Adakaponya pansi misozi ili m'maso.

“Tola,” adatero azakhali mosakalipa. “Kuona maso a nkhono n'kudekha. Phwasula mizere itatu yapamwambayo, uyambirenso. Ulusi uziugwira monga umagwirira mwanapiye, osafinya, osataya.”

Adaphwasula nayambiranso. Pakutha pa sabata ziwiri adamaliza kachikwama kosungiramo ndalama zachitsulo, kabuluu ka mzere woyera pakati, kotseka ndi batani la malaya akale. Kadadya majumbo 10.

Amayi a ku Njau

Luso limeneli silidayambire ku Nathenje. Amayi a m'maiko ambiri akhala akulichita, ndipo mbiri yodziwika kwambiri ndi ya ku Gambia, dziko laling'ono la kumadzulo kwa Africa. Kumeneko kuli mudzi wotchedwa Njau, umene mbuzi zake zinkafa ndi majumbo monga momwe udafera mkota uja. M'chaka cha 1997 mayi wina wa m'mudzimo, Isatou Ceesay, pamodzi ndi amayi anzake anayi, adayamba kutola majumbo, kuwachapa ndi kulukira tizikwama. Poyamba anthu ankawaseka powaona akutola zinyalala, kotero kuti ankalukira mobisa. Koma atapita nato tizikwamato kumsika wa mumzinda, anthu adatigula. Amayi ena ambiri adalowa nawo gululo, napeza ndalama zothandizira mabanja awo ndi kuphunzitsira ana. M'chaka cha 2015 dziko la Gambia lidaletsa majumbo.

Kubwerera ku Mitundu

Tchuthi chitatha mtsikanayo adabwerera kwawo ndi singano yake. Ntchito yoyamba imene adagwira idali kutola majumbo onse a pabwalo, padzala ndi kuzungulira khola. M'munda namonso adapezamo ambiri, pakuti popalira khasu linkawazula m'mizere. Jumbo yokwiririka m'munda imatchinga madzi kuti asalowe bwino pansi, ndipo mizu ya chimanga ikakumana nayo imapindika.

Agogo ataona majumbo ali ndandanda pachingwe sadakondwe. Monga amachitira agogo a Chichewa ndi adzukulu awo aakazi, adamuitana mwanthabwala, koma mawu awo adali olemera.

“Iwe mkazi mnzanga, zinthu zimene zidandiphera mbuzi ndi zomwe ukuzichapa ndi sopo wanga? Anthu aziti pakhomo pano pali wamisala.”

“Pepani agogo,” adayankha mtsikanayo atagwada. “Ndikufuna kuti ziwiri zatsalazi zisafenso. Taonani chimene adandiphunzitsa azakhali.”

Agogo adakalandira kachikwamako, nakatembenuza uku ndi uku, nakakoka kuti aone kulimba kwake. Iwo adali mmisiri wa mikeka kuyambira utsikana wawo, ndipo maso awo ankadziwa ntchito yabwino. Sadayankhe kanthu tsiku limenelo. Koma patapita masiku atatu, mtsikanayo pobwera kusukulu adawapeza pansi pa mtengo wa mango atapana ulusi wa jumbo ndi chala chakuphazi, akuluka nkhosi zitatu monga amalukira mlaza.

“Singano yakoyo njanu ana,” adatero osadzutsa mutu. “Ine zala zanga zomwezi zikwana.”

Adaluka chingwe cholimba choyanikapo zovala, ndipo pambuyo pake adaluka china chachitali chimene adachizungulizazunguliza ndi kuchisoka kukhala kamkeka kokhalira. Izi zidaonetsa kuti lusolo silidali lachilendo konse. Makolo akale ankaluka madengu ndi malichero ndi nsungwi, mphasa ndi bango, mikeka ndi zipewa ndi mlaza. Ankatenga chimene chidawazungulira nachisandutsa chiwiya. Chimene chidasintha ndi cholukiracho, koma nzeru ya m'zala ndi yomwe ija.

Mlongo wake uja naye adapeza gawo lake. Zogwirira ndi zidutswa zakunsi zimene zinkatsala podula ankazikulunga pamodzi, nazimanga ndi chingwe kukhala mpira wachikulunga. Motero padalibe kanthu kobwerera kudzala.

Mtsikanayo ankaluka madzulo akamaliza ntchito ya kusukulu, ndiponso Loweruka. Adaluka tizikwama ta ndalama, timatumba ta foni, zibangili, ndi kathumba kake kosungiramo mapensulo. Anzake ena ankamuseka namutcha wotolatola, koma ataona kathumba ka mapensulo kaja, atatu mwa iwo adamupempha kuti awaphunzitse. Agogo akamapita kumsika kukagulitsa mikeka ankatengako tizikwama tiwiri kapena titatu. Masiku ena tinkagulidwa, masiku ena tinkabwerera.

Ndalama zake sizidali zambiri. Sizikadatha kugula mbuzi ina, ndipo chaka chimenecho munda wa agogo udalimidwa ndi feteleza wochepa. Komabe zidakwanira makope, zolembera ndi sopo. Zotsala ankazisunga m'kachikwama koyamba kaja, ndipo pofika chigawo chachitatu cha sukulu zidakwana theka la mtengo wa yunifolomu. Amalume ake ataona khama lake adawonjezera theka linalo.

Kuluka kokha sikukwanira

Tsiku lina aphunzitsi a masamu adamva za ntchitoyi ndipo adaisandutsa funso. Ngati kachikwama kamodzi kamadya majumbo 10, ndipo mwana amaluka kamodzi pa sabata, kodi pa mwezi amachotsa majumbo angati? Ophunzira adapeza kuti ndi 40. Kenaka aphunzitsi adafunsa kuti, ngati anthu 500 abwera pamsika, aliyense n'kutenga majumbo 4, kodi atuluka majumbo angati tsiku limodzi? Yankho lidali 2,000. M'kalasimo mudangoti zii, pakuti aliyense adaona kuti oluka sangathe kupikisana ndi otaya.

Kuwerengera kotereku kudachitikanso m'dziko lonse. Lipoti lina la m'chaka cha 2019 lidaonetsa kuti m'Malawi munkapangidwa matani 75,000 a pulasitiki chaka chilichonse, ndipo magawo 80 mwa magawo 100 adali wogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Maiko ena adaona vutoli kale. Bangladesh idaletsa majumbo opyapyala m'chaka cha 2002, Rwanda idaletsa majumbo mu 2008, ndipo Kenya mu 2017.

Boma la Malawi lidakhazikitsa lamulo loletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapulasitiki opyapyala m'chaka cha 2015. Lamuloli likunena za pulasitiki wosafika mamaikuloni 60. Maikuloni ndi muyeso waung'ono zedi, pakuti mamaikuloni 1,000 ndiwo amapanga milimita imodzi, ndipo mamaikuloni 60 ndi pafupifupi kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu. Makampani ena opanga mapulasitiki adakadandaula kukhoti, ndipo lamulolo lidaimitsidwa. M'mwezi wa Julayi 2019 khoti lalikulu la apilo lidagamula kuti lamulolo ndi loyenera. Mmodzi mwa anthu amene adalimbikira pa nkhaniyi ndi mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene naye adakhudzidwa ataona mbuzi za alimi zikufa ndi majumbo. M'chaka cha 2021 mayiyu adalandira mphoto yapadziko lonse ya Goldman, imene imaperekedwa kwa oteteza chilengedwe. Milandu ina idapitirirabe pambuyo pake, ndipo m'chaka cha 2025 boma lidalengezanso kuti lamulolo liyambe kugwira ntchito.

Lamulo limatseka khomo limene majumbo atsopano amalowera, koma silingatole amene adamwazika kale m'minda ndi m'madambo. Ena amaganiza kuti njira yachidule ndi kuwatentha, ndipo ambiri amakolezera mbaula ndi jumbo. Kuteroko n'kulakwitsa, chifukwa utsi wa pulasitiki uli ndi poizoni amene amawononga mapapo, makamaka a ana ndi a mayi amene akuphika. Jumbo siyeneranso kusiyidwa pafupi ndi khanda, pakuti likaivala kumutu limabanika. Majumbo osatheka kuwachapa ndi bwino kuwasonkhanitsa m'dzenje lakuya, kutali ndi chitsime, ndi kuwakwirira kuti ziweto zisawafukule.

Mtsikana uja adazindikira kuti mbuzi sizidziwa malire a pakhomo. Ngakhale bwalo la agogo lidali loyera, mbuzi ziwiri zija zikadatha kukadya jumbo padzala la mnansi. Mutu umodzi susenza denga. Choncho agogo adakaitula nkhaniyi kwa anyakwawa, ndipo pamsonkhano wa mudzi adagwirizana kuti mbuzi zisanamasulidwe, banja lililonse litole majumbo pakhomo pake ndi m'njira ya kudambo. Ana a sukulu ndiwo adatsogolera ntchitoyo. Chilimwe chimenecho mbuzi ziwiri za agogo zidafika nyengo ya mvula zili zonenepa, ndipo imodzi idaswa ana awiri.

Kachikwama ka jumbo nako kadzatha tsiku lina, ndipo kadzakhalabe pulasitiki. Ubwino wake ndi wakuti majumbo 10 amene akadauluka ndi mphepo amamangidwa pamodzi nagwira ntchito kwa nthawi yaitali. Koma jumbo yosavutitsa konse ndi imene munthu waikana pamsika. Pa chifukwa chimenechi mtsikanayo adaluka thumba lalikulu la zogwirira zolimba, loti azinyamuliramo zogula, ndipo agogo adatsitsa dengu lawo lakale limene lidali kutsindwi. Wogulitsa akafuna kuwaikira tomato m'jumbo, iwo ankayankha mwaulemu kuti, “Zikomo bambo, ingothirani m'dengumu.”

Wophunzira aliyense angathe kuyamba ndi zinthu zitatu. Akatumidwa kumsika atenge dengu kapena thumba. Jumbo imene yalowa kale m'nyumba aisunge, aichape ndi kuigwiritsanso ntchito. Ndipo ngati m'mudzi muli munthu wodziwa kuluka, kaya ndi singano, kaya ndi mlaza, akhale naye pansi ndi kuphunzira zala zake zikadali zofewa.

Matanthauzo a mawu

mkota: chiweto chachikazi chimene chidaswapo

kubzikula: kubweza chakudya kuchokera m'chifu ndi kuchitafunanso

kufumbutuka: kuphwanyika kukhala tizidutswa ting'onoting'ono

mkombero: chinthu chozungulira, monga cha m'mphepete mwa lichero

khwekhwe: chingwe chopindidwa mozungulira chimene chimathina chikakokedwa

Mafunso

1. Kodi anthu akale ankakulunga ndi chiyani zinthu zogula pamsika?

2. N'chifukwa chiyani tsamba limawola koma jumbo siiwola?

3. Fotokozani m'mene majumbo amaphera mbuzi.

4. Tchulani mitundu itatu ya majumbo osayenera kutola.

5. Longosolani mwatsatanetsatane kakonzedwe ka ulusi wa jumbo.

6. Kodi mwambi wakuti “kuona maso a nkhono n'kudekha” ukutanthauzanji m'nkhaniyi?

7. Kodi masamu a aphunzitsi aja adawaphunzitsa chiyani ophunzira?

Ntchito

Funsani makolo kapena agogo anu zinthu zimene anthu a kwanuko ankaluka kale ndi zimene ankalukira. Lembani ndime imodzi yofotokoza zimene mwamva.